Chisanu Chimene Chinawaula Nkhwani wa Bambo

Agogo a Kachingwe ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la parafini ndi dothi lonyowa. Anali ndi kachisakasa ka matabwa kumapeto kwa munda wawo, ndipo m'menemo munali kambaula kamene kankafuka utsi wakuda akangoteleka ketulo, utsi wolowa m'jekete, m'tsitsi, mpaka mu buledi amene tinkamwera tiyi. Kunja mvula yowaza ya kuno inkagwa padenga ngati munthu akusefa mchenga, mabasi akulira kumsewu waukulu, iwo atakhala pa ndowa yovundikira, akupala matope ku khasu ndi kamtengo, osafulumira, ngati kuti dzuwa liwadikira.

Sanali agogo anga enieni. Tinkakhala moyandikana ku Whitmore Reans, mu Wolverhampton, m'nyumba zija zogawana khoma, zoti mnzako akatsokomola umamva. Ankakhala ndi mwana wawo, anti Loveness, amene anali nesi pa chipatala chimodzi ndi amayi anga. Kwawo kunali ku Dedza, kumene anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma. Akazi awo atamwalira, mwana wawo anawaitanitsa kuno, ndipo kuti asamangokhala pawindo kuwerenga magalimoto, anawapezera alotimenti, timinda tija ta khonsolo timene anthu amabwereka. Iwo dzina limenelo sankalitchula. Ankangoti kudimba.

Ine ndinabwera ku England ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kuchokera ku Chikwawa, nditalekezera Sitandade 4. Kuno mwana amamuika m'kalasi poona zaka zake, osati zimene akudziwa, choncho ndinapezeka pakati pa ana amene anali patali kwambiri. Ndinkakhala kumbuyo, mawu a aphunzitsi akungomveka ngati wailesi ya kwa eni ake. Sankandimenya, sankandikalipira, ankangondimwetulira n'kundidutsa. Ndikaweruka, kunyumba kunkafunika bata. Amayi ankakhala akugona poti achokera kunaiti, ndipo bambo, amene kumudzi ankayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe koma kuno ankanyamula makatoni, anali atayamba kudwala. Chaka chathu chachiwiri anasiya ntchito, ndipo lamba wawo anachita kumuboola mabowo ena ndi msomali. Chifukwa chosowa kokhala, ndinayamba kutsatira agogo kudimba.

Tsiku loyamba ndinaima m'mbali, manja m'thumba.

"Iwe wa kuchigwa, wabwera kudzaonera mpira?" anatero, n'kundipatsa khasu.

"Agogo, mizere italikirane bwanji?"

"Iwe ukuona bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye tidziwa tonse. Lima."

Ndinaunga mizere yothithikana, yokongola m'maso mwanga. Nditamaliza anandipatsa kheni yodzaza madzi kuti ndithirire. Ndinalibe poponda. Ndinagumula mzere woyamba ndi phazi, wachiwiri ndi bondo, madzi n'kutayikira m'nsapato. Agogo anali pa ndowa yawo akupemerera tiyi. Ndinafafaniza zonse n'kuyambiranso, tsopano ndikuyeza ndi phazi langa.

Kaphunzitsidwe kawo kanali komweko. Ukafunsa, ankakubwezera funso. Ukalimbikira, ankati, "Gwira." Tsiku lina anandipatsa chingwe kuti ndigawe bedi patatu mofanana, pa mpiru, pa anyezi ndi pa nyemba. Ndinavutika mpaka ndinapinda chingwecho katatu. Atandifunsa kuti kusukulu chidutswa chimodzicho amachitcha chiyani, ndinazindikira kuti ndi zija za nambala pamwamba, nambala pansi, zimene zinkandiliza m'chimbudzi cha kusukulu. Sabata imeneyo ndinakweza mkono m'kalasi koyamba.

Ankandiuza kuti ku Dedza ankatulutsa ana m'kalasi kupita nawo kumtsinje kukayeza madzi ndi mabotolo, ndipo mkulu wina woyendera sukulu atawapeza ana ali matope okhaokha, anawanena kuti akuwagwiritsa ganyu. Ankaseka akamanena zimenezi. "Chimene wauzidwa chimagona m'khutu," ankatero, "ndipo khutu lili ndi bowo. Chimene wagwira chimagona m'dzanja." Ndinkawakonda kwambiri. Anali munthu yekha m'dziko lino amene sankandiona ngati mbuli.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto, bambo anayamba kukana chakudya. Bedi lawo tinali titalitsitsira kuchipinda chochezera chifukwa masitepe ankawalepheretsa. Amayi ankaphika izi ndi izi, iwo n'kungolawa, n'kukankha mbale.

"Masamba a kuno ndi madzi okhaokha," anatero tsiku lina. "Ndikanangopeza nkhwani wotendera, wosadzula bwino, ngati wa mayi anga. Ameneyo ndikanamaliza mbale."

Amayi anazungulira m'mashopu a amwenye, osamupeza. Mayi wina wa kutchalitchi anatipatsa mfutso wochokera kumudzi, koma bambo anati ukungomveka utsi. Pamenepo ndinakumbukira kuti mu sutikesi munali nthanga za maungu zimene agogo anga a ku Chikwawa anamanga m'kansanza ka chitenje tikunyamuka. Ndinapita nazo kwa agogo a Kachingwe n'kuwauza kuti ndikufuna kulimira bambo nkhwani.

Anazitembenuza m'dzanja, n'kunena kuti ntchito yapezeka. Madzulo ake ndinawamva akulankhula ndi amayi pa mpanda wa kuseri, amayi akuanula zovala.

"Odwala aswera bwanji, mayi?"

"Akupezako, bambo. Tikuthokoza Mulungu."

Yankho linali lomwelo tsiku lililonse, kwa aliyense, ngakhale kwa ine. Ndi mmene timayankhira kwathu. Munthu akadali ndi mpweya sitinena kuti akupita, chifukwa kumakhala ngati wamuitanira imfa. Amayi anali nesi, madokotala anali atawauza zonse, koma pakamwa pawo pankatuluka mawu omwewo akuti akupezako. Bambo nawonso agogo akalowa kudzawazonda ankadzuka n'kutsamira pilo, n'kuyamba kuwaseka kuti Angoni a ku Dedza amasamba pa Khirisimasi pokha poopa kuzizira. Agogo ankatuluka akuseka, akunena kuti munthu wa pakamwa chonchi sadwala nthawi yaitali.

Ndinafesa nthanga zonenepa m'timakapu ta yogati kumapeto kwa Malichi, n'kutindanditsa pawindo la chipinda chimene bambo ankagona. Zinamera bwino. M'mawa uliwonse bambo ankazisuzumira.

"Mlimi wanga, ndiyambe kusinja nsinjiro?"

"Dikirani pang'ono, ababa."

"Ndiye fulumira, njala yandipha kuno."

Chakumapeto kwa Epulo kunatentha masiku angapo, anthu n'kuvula majekete, kenaka kunagwa mvula yeniyeni, ya madontho akuluakulu, ndipo dothi linatulutsa fungo lija la mvula yoyamba ya kumudzi. Kwathu mvula imeneyo ikagwa palibe amene amakhala pakhomo. Ana, akulu, onse amakhala kumunda ndi mbewu m'mbale. Ndinaika timakapu tonse m'katoni n'kuthamangira kudimba.

"Ndabwera kudzawokera."

Agogo anayang'ana mbandezo, n'kuyang'ana kumwamba. "Lero?"

"Mvula yagwa. Kwathu ikagwa chonchi timadzala."

"Kwanu kuchigwa, kumene nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Gwira dothi."

Ndinagwira pamwamba. Linali lofunda.

"Tayang'ana minda ya anzathuwa. Ukuona chiyani?"

Ndinayang'ana. Munda wa mzungu wina wokalamba unali wofunditsidwa chinsalu choyera, ndipo wa bambo wina wa ku Jamaica unali wopanda kanthu, wangosalazidwa.

"Ndi aulesi," ndinatero.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinapsa mtima. "Ndiwokere kapena ndisawokere?"

"Mbande ndi zako, Enelesi."

"Ndiwokera."

"Zonse?"

"Zonse. Bambo akudikira."

Anandipatsa kakhasu kakang'ono. Ndinakumba mapando, ndinaika manyowa, ndinawokera bwinobwino monga mmene manja anali ataphunzirira, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Patapita masiku, kumayambiriro kwa Meyi, ndinadzuka m'mawa n'kuona magalasi a magalimoto ayera. Ndinadzera kudimba ndisanapite kusukulu. Udzu unali ngati wawazidwa ufa, ukulira pansi pa nsapato. Mbande zanga zinali zitagona pansi, zakuda, zolefuka ngati munthu wazithira madzi owira. Ndinagwira tsamba limodzi, linangomatirira ku chala. Sindinkadziwa kuti kuzizira kumawaula ngati moto. Ku Chikwawa sitinazionepo.

Agogo anali atafika kale, ataima pakhomo pa chisakasa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

"Wachiona? Chimenechi ndiye chisanu. Ku Dedza chimapha munda wa mbatatesi usiku umodzi. Kuno sitidzala poona mvula, mvula ya kuno siitha. Timadzala chisanu chikapita. Sudzaiwalanso."

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuza, ukanamvera lero, chaka chamawa n'kuiwala. Pukuta misozi. Nthanga zinatsalako?"

Zinatsala zochepa, zopyapyala zija ndinazisiya posankha.

"Tifesanso zomwezo. Bambo ako adya mu Julaye m'malo mwa Juni. Palibe chimene chatayika koma masabata ochepa."

Madzulo ndinawauza bambo. Anaseka pang'ono, dzanja ali nalo pamimba. "Aphunzitsi ndi choncho, mwana wanga. Usadandaule, ndidikira." Amayi anali pasinki akutsuka mbale. Anatseka mpope, n'kukwera m'mwamba manja asanapukute. Ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa ndawononga nthanga.

Ulendo wachiwiri sindinalakwitse kanthu. Zimene zinamera ndinkazitulutsa masana n'kuzilowetsa madzulo kuti zizolowere mphepo. Ndinawokera Meyi atatha, chilichonse ndinachivundikira ndi botolo lodula, ndipo nkhono zopanda chigoba zija zimene zimadya masamba ndinkazitola ndi manja. Agogo ankangogwedeza mutu. Palibe chimene anandiuza, zonse ndinaziona ndekha, ndipo ankanyadira. Kumayambiriro kwa Juni bambo anali akadameza. Ankadya timasipuni ta phala, nthawi zina kachidutswa ka nsomba, ndipo ankafunsabe za munda wanga. Amenewo ndiwo masabata amene nkhwani woyamba uja akanakhala atayanga.

Pakati pa mweziwo ambulansi inabwera. Masamba anga anali ngati chikhatho cha khanda. Ndinauza amayi kuti ndithyole omwewo, ngakhale ochepa, tikawapatse kuchipatala. Amayi anandigwira paphewa n'kunena kuti bambo sakumezanso. Juni asanathe, anatisiya.

Thupi linkayenera kupita kumudzi, ndipo mapepala ake anatenga nthawi. Masabata onsewo nyumba yathu inali siwa. Amayi a kutchalitchi ochokera ku Birmingham, ku Walsall ndi ku Coventry ankabwera akaweruka mashifiti, n'kukhala pansi pa zitenje, kuimba motsitsa poopa kusokoneza eni khoma. Azibambo ankakhala kwa anti Loveness. Agogo masiku oyamba sanalankhule ndi munthu. Kenaka tsiku lina masana analowa kukhitchini kwathu, chipewa chili m'manja, n'kupeza amayi atakhala pa mpando, ine ndili pansi pafupi ndi miyendo yawo.

"Mayi, pepani. Ndili ndi funso, mundikhululukire. Munkadziwa liti?"

"Kuyambira mu Januwale, bambo."

"Ine ndinkakufunsani tsiku ndi tsiku pa mpanda paja."

"Munkandifunsa."

"Loveness nayenso ankadziwa?"

"Ankadziwa. Ndinamupempha kuti asanene."

Agogo anapinda chipewa chija pakati. "Bwanji simunandinong'oneze, mayi? Liwu limodzi lokha. Ine ndinkasewera ndi masabata a munthu ngati ndi anga."

"Ndikananena bwanji, bambo? Ndiime pa mpanda ndilosere amuna anga imfa, iwo ali m'nyumba akumva? Inuyo mukanatero kwa akazi anu?"

"Sindinatero," anatero agogo. "Mpaka tsiku lomaliza ndinkauza anthu kuti akupezako."

Kenaka anatembenukira kwa ine. Sanandiitane wa kuchigwa.

"Enelesi, nkhwani wayanga. Sindinathyole. Ndi wako."

"Idyani nokha," ndinatero.

Kwathu mwana sayankha munthu wamkulu chonchi, koma palibe anandidzudzula. Agogo anavala chipewa ali m'nyumba momwemo n'kutuluka.

Mawa lake amayi ena awiri amene ankaphikira anthu anamva kuti kudimba kuli ndiwo. Anapita, anabwera ndi majumbo odzaza, anakhala kuseri akusadzula, wina akupera mtedza m'makina. Fungo linadzaza nyumba yonse mpaka kumasitepe. Anthu anadya, ena kuwonjezera. Ndinamva bambo wina kuseri kwa khoma akuti, "Koma nkhwani ameneyu mwamupeza kuti ku England kuno? Ngati kumudzi!" Mayi wina anayankha kuti walima ndi mwana wa malemu, mwana wa manja abwino. Anandiitana kuti andione. Ine ndinakhala pamasitepe, mbale yanga ili pambali, mpaka inazizira.

Chaka chimenecho sindinapondenso kudimba. Ndikawaona agogo kutsogolo ndinkawolokera mbali ina ya msewu. Maungu anabereka, anti Loveness anabweretsa awiri, amayi anawaika pansi pa masitepe mpaka anaola. Kusukulu ndinabwerera kumpando wanga wa kumbuyo.

Malichi wotsatira ndinamva kugogoda. Anali iwo, atavala jekete lawo lonunkha parafini, ataonda. Anandipatsa kabotolo ka nthanga zimene anaumitsa kuchokera ku maungu aja.

"Fesa mu Epulo, m'nyumba. Usawokere Meyi asanathe. Ndakuuza ndi pakamwa."

Ndinalandira kabotoloko. Anafika pageti, n'kutembenuka.

"Ndinaphunzitsa zaka zambiri, mdzukulu, koma ana anga onse anali ndi chaka chamawa. Sindinaganizepo zofunsa."

Ndinabwerera kudimba mwezi womwewo. Sitinakambenso za bambo. Kaphunzitsidwe kawo sanakasiye, ankandibwezerabe mafunso, ankandisiyabe kuti ndilakwitse, ndipo ndinaphunzira kumezanitsa mitengo, kunola khasu, kukhoma mashelefu ndi kusunga mbewu. Koma panali chinthu chimodzi chatsopano. Ndikabwera ndi ntchito iliyonse, asananene kuti iwe ukuona bwanji, ankayamba afunsa, "Tili ndi nthawi?" Ndikati ayi, ankandiuza zonse mwachindunji, ngati akuwerenga malangizo a mankhwala. Ndikati inde, ankabwerera pa ndowa yawo. Nthabwala za kuchigwa sizinabwererenso ngati kale. Anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anakawaika ku Dedza. Munda wawo khonsolo inapatsa anthu ena.

Sukulu ndinaisiya opanda pepala lililonse. Ntchito imene ndimagwira ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, ndipo zonsezo ndinaziphunzira ndi manja. Ndinakwatiwa, tinasamukira ku Small Heath, mu Birmingham, tinabereka mwana mmodzi wamwamuna, Mphatso.

Chaka chatha amuna anga, bambo a Mphatso, anadwala. Dokotala atatiuza kuti palibenso chochita, ndinakwera basi kubwerera kunyumba ndikudziwa kuti mawu aja akundidikira pakamwa, okonzeka kale, osavuta kunena. Lamlungu amayi a kutchalitchi anandizungulira.

"Odwala ali bwanji, mayi a Mphatso?"

"Sachira," ndinatero. "Amene akufuna kuwaona abwere mwezi uno."

Mayi wina anagwira pakamwa. Wina anandikokera pambali n'kunena kuti, "Asisi, chikhulupiriro chili kuti? Mwasanduka mzungu?" Ena mpaka lero amandipatsa moni wa patali. Amayi anga, amene tsopano anapuma ntchito, atamva anangoti, "Wanena?" Ndinati ndanena. Sanandiyamikire, sanandidzudzule.

Bambo a Mphatso ndiwo ankameta mwana wawo kuyambira ali wamng'ono, Loweruka, kukhitchini, ndi makina amene anagula pamsika. Mphatso ankavutitsa kuti naye aphunzire, awamete bambo ake, ndipo iwo ankati ukakula, usandisandutse chiwopsezo cha mbalame. Ndinakhazika Mphatso pabedi lake n'kumuuza m'Chichewa, pang'onopang'ono, poti iye amamva koma amayankha m'Chingerezi. Ndinati bambo ako akupita, ngati ukufuna kuwameta ndi sabata ino. Analira mpaka kugona.

Loweruka tinawakhazika bambo ake pa mpando, thaulo paphewa. Mphatso anali ndi zaka khumi. Makina ankalira m'manja mwake. Ndinaima pafupi, manja anga nditawagwira kumbuyo kuti ndisamulande. Anafunsa kuti ayambire pati. Bambo ake anati, "Kumbuyo, bwanawe, kumene sindikuonako." Anameta mokhota. Kuseri kwa khutu lamanzere analowetsa kwambiri mpaka panaoneka khungu. Anandiyang'ana ndi mantha kuti ndikonze. Bambo ake anapapasa pamalopo n'kunena kuti munthu asapakhudze, telala wa mutu wawo ndi mmodzi.

Sanametedwenso. A kumalo osungira maliro atandifunsa ngati ndikufuna kuti asalaze tsitsi tisanawaone komaliza, ndinati alisiye mmene lilili.

Makinawo tsopano ali m'kabati ya Mphatso. Amameta anzake awiri a pamsewu pathu, ndipo mzere wake wayamba kuwongoka. Ndimamusiya alakwitse, sindimulanda. Koma akandifunsa kanthu kokhudza munthu wodwala, kaya agogo ake, kaya ine, ndimamuuza zoona tsiku lomwelo, ngakhale pakamwa pakulemera.